Chigongono chikamawawa ponyamula ketulo: mmene mungayezere kayendedwe ka mkono ndi kuubwezera mphamvu

Ketulo ndi imene inandiulula. M'mawa wina ndinkafuna kuthira madzi a tiyi m'kapu, mkono nditautambasula patebulo, ndipo nditangoinyamula ndinamva ngati wina wandibaya ndi msomali kunja kwa chigongono. Ndinaitula mwaphuma, madzi n'kukhavukira pansalu. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti mkono womwewo ndinkatha kuupinda mpaka zala kukhudza phewa, n'kuuwongolanso bwinobwino. Thumba la ufa ndikalikumbatira pachifuwa silinkandivuta. Koma kapu yodzaza, kiyi wa pachitseko, ngakhale moni wa pamanja wa munthu wofinya mwamphamvu, zinkandilengezetsa misozi. Masabata atatu m'mbuyomo ndinali nditakhalira hamala ndi sikuludiraiva, kukhoma siling'i ndi kuika zitseko m'nyumba.

Kunyumba anati ndi nyamakazi. Wina anati ndikatemere mphini. Ine ndinatsata nzeru zanga, ndinakoleka mkono pachitenje chomangirira m'khosi kwa masabata awiri. Tsiku lomasula ndinapeza ululu uli pomwepo, ndipo ndinali nditawonjezerapo vuto lina: chigongono chinali chitauma, phewa nalo likukana kukwera. Dokotala wa mafizo amene anandiona pambuyo pake sanandikalipire. Anangoti, "Bambo, tawongolani manja onse awiri tione," ndipo zambiri zimene ndikulemba panozi zinayambira pamenepo.

Vutoli kuchipatala amalitchula kuti tennis elbow, ndipo m'kabuku kanu ka kuchipatala mungapeze atalembamo lateral epicondylitis. Dzina la tenisi linabadwira ku Britain m'zaka za m'ma 1880, madokotala ataona ululuwu mwa anthu osewera tenisi ya pakapinga. Koma ambiri amene amavutika nawo sanagwirepo chomenyera mpira wa tenisi chibadwire. Ndi akalipentala, omanga ndi opaka penti, amakaniko, a m'butchala okhalira kudula mafupa ndi chikwanje, amayi ochapa ndi kufinya zovala za banja lonse, komanso anthu ogwira kompyuta tsiku lonse. Pa anthu akuluakulu 100 aliwonse, limagwira mmodzi mpaka atatu, makamaka a zaka zapakati pa 35 ndi 55, ndipo kawirikawiri limasankha dzanja limene mumalidalira pa ntchito.

Chimene chavulala si mfundo ya chigongono

Pindani mkono, chikhatho chiyang'ane pansi, ndipo papasani kunja kwa chigongono. Mupeza kafupa kotumphuka. Minofu imene imadzutsa dzanja ndi zala imayambira pa kafupa kameneka, yomangiriridwa ndi mtsempha wolimba ngati chingwe, n'kutsika pamwamba pa mkono mpaka kudzanja. Umene umavulala kawirikawiri ndi mtsempha wa mnofu wotchedwa extensor carpi radialis brevis. Tsopano ikani dzanja linalo pamwamba pa mkono, mufumbate chibakera. Mumva minofu ija ikuuma. Nthawi iliyonse mukagwira chinthu, minofu imeneyi imakoka kuti mfundo ya dzanja, apa pamene timamanga wotchi, isagwere pansi. N'chifukwa chake kapu imapweteka pamene thumba lokumbatira silipweteka.

Madokotala amene anaunika mtsempha wodwalawu anapeza kuti nthawi zambiri si kutupa kwenikweni, koma kutha, ngati chingwe cha pachitsime chimene chayamba kuthothoka ulusi pamene chimakhula pakamwa pa chitsime. Mafupa ali bwino, mfundo ya chigongono ili bwino. Choncho munthu wa tennis elbow yeniyeni amapinda ndi kuwongola chigongono mpaka pamapeto, ngakhale kumapeto kwa kuwongolako kumalasa pang'ono, makamaka m'mawa. Pamene pamaoneka kuchepa kwa kayendedwe ndi padzanja, ndipo kumaonekera bwino chigongono chikakhala chowongoka, chifukwa minofu ija imawoloka mfundo ziwiri, ya chigongono ndi ya dzanja. Mukangoyeza chigongono chokha, mudzati palibe vuto. Mukapeza kuti chigongono sichikuwongoka ndithu, kayikirani dzina la tennis elbow, mwina pali china.

Konzekerani kaye

Achipatala amayeza ndi kachipangizo kotchedwa goniometer, timarula tiwiri tolumikizidwa pakati, towerenga madigiri. Inu kunyumba mukufunika tebulo, mpando, pensulo, kabuku, foni yojambula ndi munthu wokujambulani, ngakhale mwana. Mukhalenso ndi wotchi ya pakhoma, kapena muijambule papepala, chifukwa ndi imene itithandize kuwerenga. Pankhope ya wotchi, kuchoka pa nambala ina kufika pa inzake ndi madigiri 30, ndipo mphindi imodzi ndi madigiri 6. Ngati mwana ali ndi protractor m'kabokosi kake ka masamu, mubwereke, muziiika pachithunzi cha pafoni.

Lamulo lalikulu ndi limodzi: chilichonse muyambe ndi mkono wabwino, kenako wodwala. Manambala a m'mabuku ndi ongokupatsani chithunzi, anthu timasiyana. Mkono wanu winawo ndiye muyeso wanu weniweni. Muziyezanso nthawi yofanana, monga m'mawa mukatha kusamba, chifukwa mkono wongodzuka kumene ndi mkono umene wagwira ntchito tsiku lonse sizifanana.

Choyamba, pezani pamene pakuwawa

Dinani ndi chala pa kafupa kaja ndi pansi pake pang'ono, cha kudzanja. Pa tennis elbow ululu umakhala pomwepo, malo oti chala chimodzi chiwaphimba. Ngati pakuwawa ndi pa kafupa ka mkati, mbali yoyang'ana kunthiti, limenelo ndi vuto la minofu yopinda dzanja, lotchedwa golfer's elbow, ndipo mafizo ake ndi otembenuza. Ngati ululu uli m'munsi kwambiri, zala zitatu kapena zinayi kuchoka pa kafupa, mkati mwa mnofu, ndipo ndi wonyeketa, n'kutheka kuti wapanikizika ndi mnyewa wonyamula mauthenga a ubongo umene umadutsa pamenepo. Zimenezo akazione achipatala.

Chachiwiri, kupinda ndi kuwongola chigongono

Imani chilili, manja m'mbali, zikhatho ziyang'ane kutsogolo. Wongolani mikono yonse mpaka pamapeto, akujambuleni cha m'mbali, mbali iliyonse payokha. Mkono wowongoka bwino timati uli pa 0. Anthu ena, makamaka amayi ndi achinyamata, amapitirira pang'ono chakumbuyo ndi madigiri 5 kapena 10, ndipo si matenda bola mikono yonse ikhale choncho. Kenako pindani, zala zikafike paphewa. Munthu wamkulu amafika pa madigiri 140 mpaka 150, ngati muvi wa wotchi wayenda mphindi 24. A minofu ikuluikulu amachepa pang'ono chifukwa nyama zimagundana.

Musadalire kuti ntchito za tsiku ndi tsiku zikuuzani ngati mwataya kanthu. Mu 1981, Morrey ndi anzake ku Mayo Clinic ku America anaonetsa kuti zochita zambiri za tsiku ndi tsiku zimatheka chigongono chikuyenda pakati pa madigiri 30 ndi 130 okha, ndiponso mkono ukutembenuka madigiri 50 mbali iliyonse. Ndiye kuti mukhoza kutaya madigiri 15 kapena 20 a kuwongola osazindikira, mukudya, kusamba ndi kuvala bwinobwino. Ine chitenje chija chinandidyera ndithu kuwongoka, koma ndinakuona pachithunzi, mikono iwiri itaikidwa pamodzi.

Chachitatu, kutembenuza mkono

Khalani pampando. Zigongono zikakamire kunthiti, zopindidwa ngati kona ya tebulo. Fumbatani pensulo, nsonga yake iloze kudenga, pa 12 koloko. Tembenuzani dzanja kuti chikhatho chiyang'ane kumwamba ngati mukulandira chenji, kenako chiyang'ane pansi ngati mukuphimba mbale. Mbali iliyonse pensulo iyenera kuyandikira pa 3 kapena pa 9, pafupifupi madigiri 80. Chinyengo chake n'chakuti chigongono chimathawa kunthiti kuti phewa lithandize, ndiye panani kabuku m'khwapa, kakagwa muyambirenso. Ambiri a tennis elbow amafika ndithu kumapeto, koma amamva kulasa akamatembenuzira chikhatho kumwamba atagwira cholemera. Lembani zonse ziwiri, pamene pensulo yafika ndi pamene ululu wayambira.

Chachinayi, dzanja, ndipo apa musathamange

Gonekani mkono patebulo, chikhatho pansi, dzanja lilendewere kumapeto kwa tebulo, chigongono chopinda. Zala zili zomasuka, gwetsani dzanja pansi mmene mungathere. Munthu wabwinobwino amafika pafupi ndi madigiri 80. Dzutsani dzanja kumwamba ngati mukuimitsa minibasi, pamenepo ndi pafupi ndi 70. Jambulani. Mpaka apa mwina mikono yonse ikufanana.

Tsopano sinthani zinthu ziwiri. Wongolani chigongono mpaka pamapeto, mkono uloze kutsogolo, chikhatho chili pansibe, ndipo fumbatani chibakera. Gwetsani chibakeracho pansi pang'onopang'ono. Ngakhale mkono wabwino sudzafika pamene unafika poyamba, chifukwa minofu ija yakokedwa mbali zonse, kuchigongono ndi kuzala. Koma mkono wodwala uima msanga, ndipo mumva kukoka kapena kulasa pa kafupa kaja. Achipatala akamakankha dzanja lanu motere amati akuchita Mill's test. Inu musakankhe mwamphamvu, ndipo musajambule pamene mwafika mutaluma mano. Jambulani pamene ululu wangoyamba. Kusiyana kwa mikono iwiri pamenepa ndi nambala imene muziitsata miyezi ikubwerayi. Kwa ine, chibakera cha kumanzere chinkagwa bwinobwino, cha kumanja chinkaima chisanafike n'theka lomwe.

Musade nkhawa ndi kusiyana kwa madigiri ochepa. Ngakhale wodziwa ntchito atagwira goniometer amatha kusiyana ndi madigiri 5 akayeza kawiri. Chimene mukufuna ndi kusintha koonekeratu ndi maso, ndipo muziyeza kamodzi pa masabata awiri. Kuyeza tsiku lililonse kuli ngati kufukula mbatata kuti muone ngati yaika, mungodzikhumudwitsa.

Chachisanu, mphamvu

Kunena zoona, pa matendawa mphamvu ya kugwira imanena zambiri kuposa madigiri. Wongolani mkono, chikhatho pansi, dzutsani chibakera, ndipo wina achikanikizire pansi inu mukukana. Kulasa pa kafupa ndi chizindikiro champhamvu cha tennis elbow. Chitaninso ndi chala chapakati chokha, zala zitatambasulidwa. Kuchipatala amafinyitsa kachipangizo kotchedwa dynamometer n'kulemba pamene ululu wayambira. Kunyumba ketulo yomwe ija ikwanira. Iikeni patebulo yopanda kanthu, muinyamule mkono uli wowongoka, chikhatho pansi. Thiranimo kapu imodzi ya madzi ozizira, nyamulaninso. Pitirizani mpaka mumve kulasa koyamba, ndipo lembani makapu. Ine ndinayamba ndi makapu awiri.

Malizani ndi khosi ndi phewa. Tembenuzani mutu mbali zonse, yang'anani kudenga, pendeketsani khutu kuphewa. Ngati zimenezi zikutsitsira ululu kapena dzanzi kumkono, gwero lingakhale m'khosi. Kwezani manja onse kumwamba, kenako muwapise kumsana ngati mukukanda. Phewa louma kapena lofooka limasiyira ntchito chigongono, ndipo mukalisiya choncho vuto limabwerera.

Pamene muyenera kusiya zoyeza n'kupita kuchipatala

Ngati chigongono chikukanika kuwongoka kapena kupinda ngakhale wina akuthandizeni, kapena chimakola panjira ngati mwalowa kamwala, vuto lili mkati mwa mfundo. Ngati chatupa, chikutentha, chafiira, kapena thupi lonse likutentha, pitani tsiku lomwelo, chifukwa mafinya a m'mfundo amawononga msanga, ndipo a shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika ayenera kusamala kwambiri. Kutupa kwa pang'onopang'ono kwa miyezi, pamodzi ndi kuwonda ndi thukuta la usiku, kungakhale TB ya m'mafupa. Chimodzimodzi ngati ululu unayamba mutagwa kapena kumenyedwa, ngati zala zachita dzanzi kapena zikulephera kudzuka, ngati mfundo zina zambiri zikuwawa, kapena ngati wodwalayo ndi mwana. Ana sadwaladwala tennis elbow.

Kubwezeretsa: yambani ndi kuchepetsa katundu, osati kumanga mkono

Mtsempha wotha umafuna kupumula ku chimene chinaupweteka, koma ukangokhala osagwira kanthu umafookeratu, ndipo mfundo zimauma. Chitenje m'khosi ayi. Sinthani kagwiridwe. Chilichonse muzinyamula chikhatho chikuyang'ana kumwamba, chigongono chopinda, katundu pafupi ndi thupi. Ketulo igwireni ndi manja awiri. Ndowa igaweni pawiri. Mpini wa hamala, wa khasu kapena wa chikwanje ukulungeni mphira wa chubu cha njinga kuti unenepe, chifukwa mpini woonda umafuna kufinya kwambiri. Pochapa, bulangeti ndi jinzi muzifinya awiri, kapena kolekani chovala pamtengo muzipota mbali imodzi ndi dzanja labwino. Pamjigo, kankhani ndi thupi, zigongono zopinda. Ogwira kompyuta, mkono ugone patebulo, dzanja lisakhale chodzukira m'mwamba. Ntchito yobwerezabwereza iduleni m'zigawo za mphindi 20 kapena 30. Ndikudziwa kuti waganyu sauza bwana kuti ndipume kaye, koma ngakhale kusinthana ntchito ndi mnzanu kwa ola limodzi kumathandiza. Osuta fodya adziwe kuti mitsempha yawo imachedwa kupola.

Musanayambe mafizo, gwirizanani ndi ululu. Uyezeni pa 0 mpaka 10. Pochita mafizo, ululu wofika pa 3 ndi wololedwa, bola pofika m'mawa wotsatira ukhale utabwerera pamene unali. Mukadzuka uli woposa dzulo, munapitirira muyeso, chepetsani kulemera kapena kuchuluka, koma musasiye.

Sabata yoyamba ndi yachiwiri, yendetsani mfundo zonse popanda cholemera. Fundani mkono ndi kansalu ka madzi ofunda mphindi 10, kenako pindani ndi kuwongola chigongono ka 10, tembenuzani chikhatho ka 10, dzutsani ndi kugwetsa dzanja ka 10. Chitani kawiri kapena katatu patsiku. Ngati chigongono chinauma chifukwa chomangidwa, gonekani mkono chagada patebulo, kathawulo kopinda pansi pa chigongono, ndipo lolani kulemera kwa dzanja kuuwongole kokha kwa mphindi imodzi. Osalola munthu kuukankha mokakamiza.

Onjezani kukoka minofu. Mkono kutsogolo, chikhatho pansi, zala zomasuka, ndipo ndi dzanja linalo kokerani dzanja lodwala pansi mpaka mumve kukoka pamwamba pa mkono. Gwirani masekondi 20 mpaka 30, katatu. Masiku oyamba chitani chigongono chili chopinda pang'ono, muziwongola pamene masiku akupita, chibakera chibwere kumapeto. Kukoka kuzimveka m'mnofu. Kukamalasa pafupa, mwapyola. Ambiri amalakwa apa, amaganiza kuti poti dzanja silikugwa mokwanira ndiye alikoke mwankhanza tsiku lonse, mapeto ake akukhulanso chingwe chothothoka kale. Kukoka ndi ndiwo chabe, nsima yake ndi kulimbitsa.

Kulimbitsa kumayamba osasuntha. Mkono patebulo, chikhatho pansi, chigongono chopinda, dzanja lodzuka pang'ono. Ikani dzanja labwino pamwamba pake, likanikize pansi, lodwala likane, osasuntha. Musagwiritse mphamvu zonse, theka likwanira. Gwirani masekondi 30, pumani, bwerezani kasanu. Ambiri amaona kuti ululu umazizira kwa kanthawi akatha zimenezi.

Zikayamba kupepuka, tengani botolo la madzi la 500 ml, limene limalemera theka la kilogalamu. Khalani monga poyeza paja, dzanja likulendewera kumapeto kwa tebulo, chikhatho pansi. Dzutsani dzanja lodwala mothandizidwa ndi labwino, lisiyeni, kenako litsitseni lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4 kapena 5. Kutsitsako ndiye mankhwala. Chitani ka 10 mpaka 15, pumani mphindi imodzi, mubwereze maulendo atatu, kamodzi patsiku. Ngati likudzuka lowawa, muzidumphitsa tsiku. Mukafika poti maulendo atatu a 15 sakukuvutani kwa masiku angapo, onjezani kulemera: paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi m'jumbo, kenako botolo la malita awiri. Pambuyo pake muzidzutsa ndi kutsitsa ndi dzanja lodwala lokha, ndipo pomaliza chitani chigongono chili chowongoka, pakuti m'menemo ndi mmene moyo umafunira mkono.

Hamala imene inakupwetekani ikhoza kukuchizaninso. Chigongono kunthiti, gwirani mpini pafupi ndi mutu wake, mutuwo uli kumwamba, ndipo igwetsereni kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono, ka 10 mbali iliyonse. Pamene mukulimba, muzigwira motsikira kumapeto kwa mpini, iyamba kulemera yokha. Zimenezi zimabweza mphamvu yotembenuzira kiyi ndi sikuludiraiva. Kwa ochapa, pindani thawulo louma ngati mpukutu wa nsalu, muzilipota pang'onopang'ono ngati mukufinya, kenako mudzayambe lonyowa. Kufinya kampira kofewa kapena sokosi yokulunga kumathandizanso, bola dzanja likhale lodzuka pang'ono, lisagwe. Ndipo musaiwale phewa: kokerani mapewa kumbuyo ngati mukufuna kupana pensulo pakati pa msana, gwirani masekondi 5, ka 10.

Zonsezi sizitenga nthawi yambiri patsiku. Chovuta ndi kupirira, chifukwa mtsempha suchira ngati chilonda cha pakhungu. Dzipatseni masabata 12 musanaweruze. Pa ine, masabata anayi oyamba chithunzi cha chibakera sichinasinthe n'komwe, ndipo ndikanasiya pakanapanda makapu a m'ketulo, amene anachoka pa awiri kufika pa anayi. Kawirikawiri mphamvu ndi imene imayamba kubwera, kugwa kwa dzanja kumatsatira.

Lamba, mankhwala ndi jakisoni

M'mafamase mumapezeka kalamba komanga pamkono. Malo ake ndi zala ziwiri kapena zitatu pansi pa kafupa, pamnofu, osati pafupa penipeni. Kayeseni ndi ketulo: ngati mutakavala mukunyamula makapu ambiri, kakuthandizani, muzikavala pogwira ntchito n'kukavula mukaweruka ndi pogona. Zala zikachita dzanzi, mwamangitsa. Sikachiza, kamangochepetsa kukoka.

Panado amathandiza masiku ovuta. Mankhwala opaka a diclofenac amachepetsa ululu kwa kanthawi. Ibuprofen ndi diclofenac wakumwa musamwe masabata ambirimbiri, ndipo a zilonda za m'mimba, a vuto la impso, a BP ndi amayi oyembekezera afunse kaye achipatala. Mphini sizifika pamtsempha, zimangotsegula khomo la majeremusi pafupi ndi mfundo.

Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, wobaya pachigongono ndi wokopa, chifukwa ululu umazimiririka m'masabata oyamba. Koma kafukufuku wa ku Australia wofalitsidwa mu 2006 ndi wina wa mu 2013 anaonetsa kuti obayidwa ambiri vuto linkawabwerera, ndipo pakutha pa chaka sanali bwino kuposa amene sanabayidwe mankhwalawo. Maganizo anga ndi akuti musaupemphe nokha. Ngati dokotala waunena, mufunseni chifukwa chake ndi zimene mudzachite ululu ukabwerera. Anthu 8 kapena 9 pa 10 aliwonse amakhala atachira kapena atapeza bwino kwambiri pakutha pa chaka, ngakhale ena zimawatengera zaka ziwiri. Opaleshoni ndi ya ochepa kwambiri, amene ayesa zonsezi kwa miyezi 6 mpaka 12 osasintha.

Ngati patha masabata 6 mpaka 8 makapu a m'ketulo sakukwera, kapena chigongono chikunka chiuma, kaonaneni ndi a mafizo. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili nawo, ndipo m'zipatala za m'maboma muli achipatala oona za mafupa amene angakuunikeni ndi kukutumizani koyenera. Tengani kabuku kanu ka manambala ndi zithunzi za pafoni, zidzawafupikitsira ntchito. X-ray siionetsa mtsempha, ndiye musadabwe akapanda kukujambulani. Amajambula akakayikira fupa kapena mfundo.

Pobwerera kuntchito yolemetsa, dikirani mpaka chibakera cha mkono wodwala chizigwa pafupifupi mofanana ndi chinzake chigongono chili chowongoka, ndipo ketulo yodzaza izinyamulika popanda kulasa. Mukatero yambani ndi theka la ntchito imene munkagwira kale, muziwonjezera sabata ndi sabata, ndipo botolo lija musalitaye, muzilinyamulabe kawiri kapena katatu pasabata kwa miyezi ina iwiri. Siling'i ya chipinda chomaliza ine ndinakaimaliza mwezi wachisanu, ola limodzi m'mawa uliwonse, ndi hamala ya mpini wokulunga mphira, ndipo zomangira zitseko ndinabwereka drill kwa mlamu wanga.